Mawaipa Olira ndi Alamu Anga a ku Chanyanya

Pali nkhani zina zimene munthu umafuna zitathera m'nyumba, koma iyi inatuluka kalekale, moti amayi ogulitsa nsomba ku Chanyanya amaifotokoza bwino kuposa ine mwiniwake. Ndiye bola ndiinene ndekha, mwina wina angandimvereko chisoni.

Ndili ndi galimoto yakale imene anandisiyira malemu bambo anga, ija ya mphuno yaitali ndi mabampa achitsulo onyezimira. Anaigula akugwira ntchito ku njanji, ndipo muno mu Kafue palibe amene saidziwa. Zitsulo zake sizipezeka wamba, choncho ndimaisamala kuposa thupi langa. Madzulo alionse ndimazula mawaipa, aja opukuta madzi pa galasi lakutsogolo, n'kukawaika pamwamba pa kabati ya kukhitchini. Bambo ankatero. Iwo sankakhulupirira munthu aliyense wodutsa pafupi ndi galimoto yawo, ndipo matenda amenewa ine ndinatengera onse.

Mvula yoyamba itagwa chaka chatha, ndinayatsa mawaipa ndili pa msewu wa ku mafakitale. Abale inu! Khwiii, gudugudu, khwiii! Ngati mbuzi imene akuikokera kokaipha. Ankadumphadumpha pa galasi n'kumasiya chifunga chamafuta, moti kutsogolo ndinkaona movutikira. Anthu oyenda pansi ankacheuka, ena mpaka kuloza. Zinandiwawa kwambiri.

Poyamba ndinachita ngati munthu wanzeru. Ndinatsuka galasi ndi sopo, kenako ndi viniga ndi nyuzipepala yakale. Phokoso osatha. Ndinathira oilo m'tizitsulo toyendetsa mawaipa ta kunsi kwa galasi. Osatha. Ndinatenga pulayala n'kupotoza pang'ono mikono yake kuti labala agone bwino, ndipo apa ndiye anayamba kulira popita ndi pobwerera pomwe. Potsiriza ndinapukuta malabalawo ndi kansalu konyowetsa sipiriti. Tsiku limenelo anakhala chete, mvula yotsatira n'kuyambiranso. Koma chimene chinandigwira mtima n'chakuti kansalu kaja kanatuluka kofiira.

Kofiira! Galimoto yanga ndi yobiriwira. Ndinakhala pansi ndi kansaluko m'manja, mutu ukuyenda ngati wa wapolisi (mkazi wanga amati ndikanakhala wapolisi, bwenzi theka la Kafue lili m'ndende). Ndinagamula kuti awa si mawaipa a bambo. Wina anawasinthanitsa ndi akutha ochokera pa galimoto yofiira.

Wina ndani? Munthu mmodzi yekha ndiye anabwerekapo galimotoyo: a Fabiano, achimwene a mkazi wanga, amene amachita geni ya nsomba ku Chanyanya. Anaitenga m'chilimwe poperekeza mayi awo kuchipatala. Vuto linali lakuti a Fabiano omwewo, monga malume ake a mwana wathu Tisa, ndiwo anali nkhoswe ya ukwati wake umene tinkakonza ndi banja lina la ku Shimabala. Popanda iwo palibe chikanayenda. Mkazi wanga sindinamuuze kanthu. Ungayambire pati kuuza mkazi kuti mchimwene wake ali ndi dzanja lalitali? Ndinangoyamba kumawayang'ana a Fabiano cham'mbali.

Ndinakagula mawaipa atsopano kwa mkulu wina wogulitsa masipeya pafupi ndi msika. Ndinamuonetsa akale aja n'kumufunsa ngati anali enieni.

"Mudala, aya si yamene yanabwela na motoka," anatero asanawagwire n'komwe. "Banakuchinjilani. Bantu ba masiku yano ni so."

(Lero ndikudziwa kuti wogulitsa mawaipa sangayamikire mawaipa akale, koma tsiku limenelo ndinamuona ngati mneneri.)

Atsopanowo anayenda mwakachetechete, mtima wanga n'kukhala pansi. Lamlungu lotsatira a Fabiano anabwera kudzakamba za chinkhoswe. Tili mkati mocheza anati, "Mulamu, lekani nikamwe manzi," n'kulowa okha kukhitchini, chikwama chawo chili paphewa. Ndinatchera khutu. Anachedwa. Madzi ake ati omwa nthawi yonseyo? Nanga chikwama chikukamwa nawo? Mvula itagwanso mkati mwa sabata, khwiii! Ndinapukuta labala, kansalu n'kufiiranso.

Ndinaliza galimoto mpaka ku Chanyanya, matope akuthovukira mbali zonse. A Fabiano ndinawapeza pa doko akusankha nsomba pakati pa amayi a mabeseni. Munthu wabwinobwino akanawaitanira pambali, koma ine mkwiyo unali utandichulukira.

"Ba mulamu, mawaipa ya batate banga yali kuti?"

"Mawaipa ya chani?"

"Osazipusisa. Mwachinja kabili manje."

A Fabiano anaika nsomba pansi n'kupukuta manja pa thalauza.

"Mulamu, ine nili na njinga chabe. Nizayamanga pa menso?"

Amayi aja anafa nalo phwete. Ine m'malo mochita manyazi ndinawonjezera kuti mwina anagulitsa. Pamenepo nkhope yawo inasintha, ndipo nthabwala zinatha.

"Ngati nine kawalala," anatero motsitsa mawu, "sakilani nkhoswe inangu. Wakuba sangaimilile mwana wanu."

Ndinabwerera ndikudzilimbitsa mtima kuti akwiya chifukwa ndawagwira. Koma mantha anandilowa ndithu. Tisa ndikamuuza chiyani? Tulo sindinationepo bwino, moti ndinadzuka kusanayere kwenikweni, chinthu chimene sindichita kawirikawiri. Nditatsegula chitseko ndinapeza mkazi wanga atagwada pa khonde lathu la polishi wofiira. Anali atakolopa, ndipo ankakankhira madzi ku masitepe ndi waipa wanga watsopano. Khwiii, khwiii, pa simenti.

"Amake Tisa! Ni chani icho?"

"Ni waipa, simuiona? Ichosa manzi bwino kuchila chikolopo. Nimaipukuta nikasiliza."

"Nanga inangu ili kuti?"

"Ili kuli ba neba. Bazabweza mukalibe kuuka, monga masiku yonse."

Zinapezeka kuti khalidweli analiyamba m'chilimwe, ataona kuti mawaipa akungokhala pa kabati osagwira ntchito iliyonse. Ndiye kuti nthawi yonseyi ndinkapaka pa galasi langa polishi wa makonde awiri, lathu ndi la aneba. Ndikanawasiya pa galimoto ngati anthu ena onse, palibe akanawakhudza. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene kanthu pamene ankamva phokoso lija tikupita ku tchalitchi.

"Nenze kuganiza ni ukote, motoka yakalamba," anayankha. "Na imwe mumalila mukamanyamuka pa mupando."

Kenako ndinayenera kumuuza za ku Chanyanya. Mawu amene anandiyankha sindingawalembe pano, poti ndi mayi wa kwaya ndipo anzake amawerenga.

Tsiku lomwelo ndinabwerera ku doko ndi tambala kukhwapa, mkazi wanga ali pambali ngati akundiperekeza ku khoti. Ndinkafuna tikakambirane kunyumba kwawo, koma a Fabiano anakana. Anati pamene ndinawadetsera ndi pomwe ndiwayeretsere. Ndinapepesa pamaso pa amayi omwe aja, ndipo wina wogontha pang'ono anapempha kuti ndibwereze mokweza. Ndinabwereza. Tambala analandira, unkhoswe anavomeranso, koma ananenetsa kuti akuchitira Tisa, osati ine.

Galimoto yanga yokha anakana kukwera. Tsiku lokakumana ndi akuchimuna ku Shimabala anapalasa njinga mtunda wonsewo mvula ikugwa, n'kufika jekete likudontha madzi. Eni nyumba anadabwa kuti nkhoswe yabwera chotere pamene panja paima galimoto yopanda anthu kumbuyo. A Fabiano anangoti, "Funsani ba mulamu." Ndinafotokoza nkhani yonse ndekha, kuyambira pa kansalu kofiira, pamaso pa anthu amene ndinkafuna andione ngati bambo wolemekezeka.

Ukwati wa Tisa unayenda bwino. Mkazi wanga ndinamugulira chokankhira madzi chakechake, ndipo ndinadzilonjeza kuti chinthu chikasokonekera ndizifunsa kaye a m'nyumba ndisanakaimbe munthu mlandu pa doko. Koma a Fabiano sanandimasule. Mpaka lero akabwera kudzacheza, potsanzika amaima pakhomo, n'kutulutsa matumba onse a thalauza, n'kutsegula chikwama, ana ndi alendo akuona.

"Sechani, mulamu, niyende na mutima umozi."

Aliyense amaseka, inenso ndimaseka nawo n'kumawauza kuti asiye zimenezo, zinatha kale. Koma ndisakunamizeni, m'chikwamamo ndimasuzumiramo ndithu.