Mkwati Wonunkha Petulo

Mpaka lero mayi a kunyumba akamva fungo la petulo amayamba kuseka okha. Anthu amadabwa. Ine ndimangoyang'ana kumbali.

Zinachitika sikimu ya Bwanje ikadali yatsopano, ine ndikuyendetsa kavani ka alamu anga, kututa mpunga kupita nawo pa Golomoti. Tsiku la chinkhoswe changa anandibwereka kavaniko. Ulendo wa ku Mtakataka: amalume kutsogolo atafukata tambala, azakhali ndi anyamata kumbuyo. Tsono tsiku loyamba tinali titalephera kale chifukwa cha mvula, ndiye amalume ake a Esinati, mkazi ndinkafunayo, anatumiza mawu: "Dzuwa likapendeka musanafike, tambala wanuyo mukadye nokha."

Tikuyandikira pa Mua, wailesi ya kaseti inazima. Amalume akuti, "Iwe, tikupita kumaliro kodi? Nyimbo!" Ndinaima, kutsegula kabokosi ka mafyuzi, ya wailesi yapsa. Ndinazula ina imene ndinaona ngati ikungokhala (musandifunse kuti ndinaonera chiyani), n'kuika pamenepo. Nyimbo zinabwerera, azakhali nthungululu. Sitinapite patali, injini inatsokomola kawiri, basi zii.

Pampu ya petulo ya kavaniko inali yamagetsi. Ukapotokola kiyi inkalira ngati njuchi pafupi ndi thanki. Ndinakwawira kunsi, ndi suti yobwereka, kutchera khutu.

"Amalume, tachepetsani wailesiyo!"

"Aaa, chinthu chokhacho chimene chikugwira ntchito muno?"

Pampu ili chete. Ndinaigogoda ndi sipanala monga ndinkaonera amakaniko. Ndinagwedeza mawaya onse, ndinapala mitu ya batire, ndinaipempha ngakhale ndi pakamwa. Za fyuzi ija mutu wanga sunafikeko n'komwe (chonsecho nyimbo zikundilirira m'makutu).

Dzuwa linafika pamutu. Kunena zoona ndinachita mantha, ndinaona Esinati akundipulumuka. Ndiye inabwera nzeru ya madalaivala akale: chigubu padenga, paipi kutsikira ku kabuleta ya injini, petulo azitsika yekha. Koma petuloyo anayenera kutuluka kaye m'thanki, ndipo woyamwa paipi ndinali ine. Abale anga, ndinayamwa ndi mtima wonse. Anabwera yense nthawi imodzi, m'kamwa, m'mphuno, pa tayi, mpaka m'matumba.

"Usameze!" anakuwa azakhali. Ndinali nditameza kale.

Tinalowa m'Mtakataka mwa kamba, chigubu chomangidwa ndi mpango wa azakhali, ana akutithamangira. Dzuwa linali litayamba kupendeka ndithu, koma amalume a Esinati atationa anaseka mpaka kuiwala kuyang'ana kumwamba.

Mwambo wake mukuudziwa. Mkwati amamufunditsa chitenje pamodzi ndi anzake, akuchikazi azivundukula mmodzimmodzi kufunafuna wawo, anthu akufupa, nyimbo zikuyenda. Ife tinakonza anyamata a msinkhu wanga kuti tiwazunguze bwinobwino. Azakhali a Esinati sanavundukule aliyense. Anangokoka mphuno kamodzi, n'kulunjika pa ine.

"Wathu ndi uyu," anatero. "Koma osuta fodya khalani kutali, tingataye mkamwini lero lomwe!"

Bwalo lonse linagwa nalo phwete. Pansi pa chitenje china, kumbali ya akuchikazi, ndinamva Esinati akulephera kudzigwira kuseka, ndipo ndinadziwa kuti tambala uja sitikadya tokha.

M'mawa mwake alamu anatsegula kabokosi kaja, kuzula fyuzi pa wailesi, kuibwezera pamalo pake. Pampu inalira ngati njuchi. Sanandikalipire ayi. Anangotulutsa kaseti n'kundiika m'manja, "Kamvereni kwanu."

Amalume anga aja anatisiya kalekale, kavani kaja nkhuku zikuikiramo mazira kuseri kwa nyumba ya alamu. Masiku amenewo ndimawasowa, ngakhale petulo ndinkamugeya mpaka m'mphuno sabata yonse.

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kanthu. Chaka chathachi wailesi ya m'galimoto yathu inazimanso tikupita ku Mua, ine dzanja linali litafika kale pa kabokosi. Mayi a kunyumba, Esinati yemwe uja, anandigwira pamkono.

"Bambo, zisiyeni. Ndiimba ndine."