Tsiku limene ndinamwetsa makina kachasu

Mukadzafika ku Fingoe n'kumva ana akukuwa kuti "Profesoro Kachasu", dziwani kuti akunena ine, ngakhale mowa sindinaulawepo.

Ndimaphunzitsa sayansi pashikola yathu. Mlamu wanga, amene akuphunzira za makina ku Tete, anandibwereka kabokosi kokwana m'manja kotulutsa magetsi kuchokera ku metanolo, mowa wakupha uja wa m'mafakitale. Kumapeto kwa mawaya ake kunali kaventuinya kopupiza mphepo.

"Alamu, mumvetsetse," anatero. "M'katimu muli kachikopa kopyapyala ngati khoko la anyezi, kopakidwa fumbi la platinamu. Fumbilo ndi limene limaphwanya metanolo kuti magetsi atuluke, koma silichedwa kunyanyala likakumana ndi zonyansa. Metanoloyo muzimusungunula ndi madzi ambiri. Akakhala waukali amawoloka kachikopako n'kukapsera tsidya linalo, mphamvu n'kuthera komweko."

Ndinkagwedeza mutu, koma mtima unali utanyamuka kale. Ndinkaona mababu akuthwanima ngati ziphaniphani kuyambira ku Chipera mpaka ku Malowera, okumba golide akutsika m'mapiri kudzandigwira chanza, mayi anga akusankha nyemba pansi pa kuwala kwanga. (M'malotomo ndinali wamtaliko pang'ono.)

Tsiku la msonkhano wa makolo ndinaika kabokosiko patebulo. Ndinathira metanolo wosungunula, kaventuinya kaja n'kuyamba kuzungulira mwaulesi. Mayi wina ananong'ona kuti, "Ndiye kamphepo kake n'komweka?"

Mawuwo anandilasa. Ndinatenga botolo la metanolo wosasungunula n'kukhuthuliramo yense. Kabokosi kanafunda ngati dzira longoikira kumene, kaventuinya kanazandima, kenako kanaima.

Apa m'pamene a Tembo, mkulu wina amene anabwerera kuchokera ku Zambia, anasolola kabotolo m'jekete.

"Aphunzitsi, paja mwati kamadya mowa? Yesani uwu, umadzutsa ndi wakufa yemwe."

Ndikanakana. (Ndinaphunzira ine, ndipo ndimadziwa kuti kachasu si metanolo.) Koma mababu anga aja anali akuzima limodzilimodzi m'mutumu, ndiye ndinathira. Kachasu wina anatayikira pamalaya. Makina sanagwedezeke n'komwe.

A diretori, mkulu wa shikola, analowa ndili chigwirire botolo, kalasi yonse ikununkha ngati pamalo otchezera. Anandiyang'ana, anayang'ana botololo, n'kufunsa mofatsa kuti, "Mwamwa nokha, kapena mwagawirako makolo?"

Nditamuimbira mlamu wanga n'kumuuza zonse, anati:

"Platinamuyo mwamuledzeretsa, alamu. Sindikhulupirira kuti adzukanso."

Ndinalumbira kuti kuyambira tsopano ndizimvetsera munthu akamalangiza. Iye anayamba kundifotokozera za zikopa zatsopano zimene akatswiri akuvutika kupanga, zoti metanolo asamadutse. Anafotokoza bwino ndithu, ndikuganiza. Ine ndinali nditayang'ana denga la tchalitchi chathu, ndikusankha pokoloweka babu loyamba.