Zakeyu wa Pachikwangwani

Mwambi uwu chiyambi chake n'chotere, ana inu, ndipo amene mukulakalaka kudzagwira chiwongolero mutchere khutu kuposa anzanu.

Pa depoti ya Tsekang'oma panali dalaivala wa minibasi dzina lake Zakeyu Kamtedza. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankayenda msewu wochokera pa Tsekang'oma kupita ku boma, ndipo sanagundepo ngakhale nkhuku. Musafulumire kumuombera m'manja. Minibasi imene ankayendetsa inali yotheratu, moti anthu anaipatsa dzina loti Ndatopa. Zakeyu ankaponda mafuta mpaka phazi kuchita dzanzi, koma Ndatopa ankangotsokomola n'kumayenda mwa masiku onse. Nkhuku inkatha kuwoloka msewu, kukumbukira kuti yasiya mwanapiye, kubwerera kukamutenga, n'kuwolokanso, Zakeyu akubwerabe.

Zimenezi zinkamuwawa, chifukwa mumtima mwake ankalikonda liwiro ngati mmene mwana amakondera shuga. Koma chimene chinkamuwawa koposa chinali china. Pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi depoti pankakhala telala wina wofatsa, Etinala, ndipo awiriwa anali atagwirizana zomanga banja. Vuto linali malume ake a Etinala, a Kamphonje, mphunzitsi wamkulu wopuma amene ankakhala ku boma.

"Mwana wa mlongo wanga akwatiwe ndi dalaivala wa minibasi?" anatero a Kamphonje. "Ndiye ayambiretu kudzisokera diresi lakuda, poti makina ali nawo. Anthu amenewa amalawirira m'mawa kukasaka manda."

Mukudziwa nokha kuti malume akakana, ngakhale abusa amangokupatsani pepani.

Tsiku lina pa depoti panaima galimoto yoyera. Munatsika mayi wa magalasi ndi bambo wina wonyamula kamera, ochokera ku bungwe lina lolimbikitsa kupewa ngozi pamsewu. Mayiyo anasonkhanitsa madalaivala onse.

"Tikufuna munthu mmodzi woti timuike pachikwangwani," anatero. "Dalaivala amene sanachitepo ngozi chiyambire ntchito."

Aliyense pa depotipo anapeza chochititsa chidwi pa nsapato zake. Kenako wapampando wa madalaivala, a Mwachande, anaphulika kuseka.

"Tengani Zakeyu uyo, mayi. Ameneyo ngozi imamudikira panjira mpaka kutopa, n'kubwerera kwawo."

Onse anafa nacho chiseko, koma mayi uja sanaone choseketsa. Anangolemba dzina.

Anamujambula Zakeyu atavala malaya oyera osokedwa ndi Etinala ndi tayi wobwereka kwa mlaliki wa pamsika.

"Lozani kamera, bambo," anatero wojambula. "Kwinyani nkhope ngati mwapeza mbuzi ya mnzanu m'munda mwanu. Eya! Choncho."

Patatha mwezi chikwangwani chinadzalidwa pagulaye woopsa uja wa pamwamba pa dambo, pafupi ndi mudzi wa kwawo kwa Etinala, pamene magalimoto ankagubuduka chaka ndi chaka. Zakeyu wa pachikwangwani anali wamtali ngati nyumba ziwiri zosanjikiza, chala chake chachikulu ngati mtondo. Pansi pake analembapo zilembo zofiira: IWE! CHEPETSA LIWIRO. KWANU AKUKUDIKIRA.

Ndipo ana inu, chinagwira ntchito. Madalaivala amene sankaopa ngakhale apolisi ankati akafika pamenepo, phazi linkachoka lokha pa mafuta.

"Aise, chala chako chija n'chaufiti," anadandaula mnzake wina. "Ndayesa kudutsira mbali ina ya msewu, chikundilozabe ine ndemwe."

A kabaza a njinga zamoto anayamba kuvala zipewa zawo m'malo mozipachika pachiwongolero. Chidakwa china chinapezeka masana dzuwa likuswa mtengo chitavula chipewa kutsogolo kwa chikwangwani, chikuti, "Pepani bwana, ndinangolawa." Okhawo amene anakwiya anali anthu a m'mbali mwa dambo, amene anazolowera kutola matimati ndi matumba a ufa lole ikagwa. Ankati Zakeyu wawabweretsera njala.

Zakeyu anayamba kuyenda mosintha. Tiyi ankamwa chala cha mkombaphala chili m'mwamba. Akafuna kugula nthochi, ankaziloza atakwinya nkhope, ndipo ogulitsa ankamuwonjezera imodzi.

Kenako mwayi unabwera uwiri pa sabata imodzi. Mwini minibasi, mayi Nachisale, anamuitana.

"Munthu wa pachikwangwani sungayende pa chiphakasa chija, anthu angandiseke. Tenga makiyi awa. Yatsopano ija ndi yako."

Ndipo a Kamphonje anatumiza uthenga: "Mnyamata uja ndamuona pamsewu. Akuoneka kuti mutu ulimo. Chinkhoswe chichitike, koma patsikulo adzanditenge yekha ku boma kuno, ndidzaone ndi maso anga mmene amayendetsera. Ndikakhutira, mwana ndi wake."

Tsiku loyamba m'minibasi yatsopano, Zakeyu anangokhudza mafuta ndi chala cha kuphazi, mitengo n'kuyamba kuthawira kumbuyo. Mphepo inamulowa m'malaya. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Kani anzanga akhala akudya zotere zaka zonsezi, ine ndili pa Ndatopa?"

Atayandikira pagulaye paja anapeza magalimoto atandondozana, onse akukwawa ngati akuperekeza maliro. Zakeyu anayang'ana Zakeyu wa pachikwangwani, Zakeyu wa pachikwangwani anayang'ana Zakeyu, ndipo anamvana ngati anthu a m'nyumba imodzi. Analiza hutala, n'kuwapitirira onse, dzanja lili pawindo kuwaloza mmodzimmodzi kuti asayerekeze kuthamanga.

Sabata isanathe, Etinala anamuitana pakhonde paja. Sanakweze mawu, poti sanali munthu wokweza mawu. Maso ake anali pa nsalu imene ankasoka, chitenje cha chinkhoswe, chofanana ndi cha malaya a mkwati.

"A Zakeyu, masiku ano fumbi lanu likumafika pa makina anga inu mutatsika kale, mukumwa tiyi."

"Ndiye kuti galimoto ili bwino, Eti."

"Amayi atumiza mawu. Akuti pagulaye paja mukumadutsa ngati mwaba."

"Iwe soka, Eti. Za msewu utisiyire ife a pachikwangwani."

Etinala anadula ulusi ndi mano.

"Malume anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. Kasingano ka liwiro kaja adzakawerenga."

Mawu amenewa anamulowa Zakeyu, ndipo analumbira mumtima kuti tsiku limodzi lokhalo adzadzigwira.

Loweruka la chinkhoswe linafika. Kumbuyo kwa minibasi kunakhala azakhali ake atatu ndi madengu a mphatso, komanso nkhoswe yake, a Biliati, atafungatira tambala wokapereka kuchikazi. A Kamphonje anakhala kutsogolo, atavala suti yoyera imene anaivala komaliza tsiku lotsanzikana ndi sukulu. Anamanga lamba, n'kuvala magalasi, maso n'kuwaika pa kasingano kaja.

Zakeyu anayendetsa ngati wanyamula mazira. Phazi linkamuyabwa, thukuta linkatsika m'khosi, injini inkalira ngati galu womangidwa, koma anapirira. Ngolo ya ng'ombe anaipitirira ataipempha kaye ndi kahutala kaulemu.

"Ehe," anatero a Kamphonje. "Kuyendetsa n'kumeneku, bambo Kamtedza. Ndinkayesa nonse ndinu amisala."

"Ena ndi amisala ndithu, malume. N'chifukwa chake tinaikidwa kuti tiziwalangiza."

Mudzi unali utayandikira, ng'oma ndi nyimbo zikumveka kale. Panangotsala gulaye yekha uja. Chikwangwani chitangoonekera, azakhali anayamba nthungululu.

"Uyo mwana wathu! Taonani mphuno, ya bambo ake yeniyeni!"

Chifuwa cha Zakeyu chinafufuma. Pomwepo mnyamata wa kabaza wa njinga yopalasa, atanyamula mayi wonenepa ndi thumba la mbatata, anafika pambali pa windo lake akuimba mluzu.

"Akulu, mwaigula yatsopano koma mtima ndi wa Ndatopa! Ndikuuzireni kumudzi kuti mufika mawa?"

Ndipo anamupitirira. Pamaso pa azakhali. Pamaso pa chikwangwani chake chomwe.

Zakeyu sanadziwe nthawi imene phazi linatsika. Anangomva msana ukukanikizika kumpando. Wakabaza anatsala. Lole ya fodya inatsala. Minibasi ziwiri zimene zinkakwawa momvera chala zinatsala.

"Bambo Kamtedza," anatero a Kamphonje, maso ali pa kasingano. "Makumi asanu ndi atatu."

"Ikadali ndi ina m'mimba, malume!"

"Makumi asanu ndi anayi. Mnyamata iwe, sukuona chikwangwani icho?"

"Ndikuchiona, malume! Mmene ndinaimira ndi chonchi!"

Anachotsa dzanja pachiwongolero, n'kutembenukira kwa a Kamphonje, n'kuwaloza pamphuno atakwinya nkhope, ndendende ngati wapeza mbuzi m'munda.

Msewu unakhota. Minibasi sinakhote.

Inatsetsereka pa udzu, n'kudumpha kangalande, n'kuswa mpanda wa dimba, n'kulima mizere inayi ya kabichi, kenako inagona cham'mbali m'matope mwaulemu ngati ng'ombe yokhuta. Mwini dimba anali atathiramo ndowe dzulo lake.

Mulungu ndi wachifundo kwa opusa, ana inu, chifukwa palibe anafa kapena kuthyoka. Azakhali anaunjikana pamwamba pa a Biliati, aliyense akuitana Yesu ndi mpingo wake. Tambala anatulukira pawindo, n'kuima pa tayala, n'kulira ngati kwacha, kenako anathawira m'bango ndipo sanaonekenso. A Kamphonje anatsala akulendewera pa lamba pamwamba pa Zakeyu, madzi a m'dimba akuwadonthera m'khutu.

"Malume, muli bwino?"

"Usanditchule malume. Ndimasule."

Zakeyu anawamasula, ndipo anamugwera pamutu.

Anthu a kuchinkhoswe anasiya ng'oma n'kuthamangira kudambo. A m'mbali mwa dambo anafika ndi madengu, akuthokoza kuti nyengo yabwino yabwerera, koma anakhumudwa kupeza kuti katundu wagwayo ndi azakhali. Madalaivala onse amene anapitiriridwa aja anafika pang'onopang'ono, n'kuimika magalimoto awo bwinobwino m'mbali mwa msewu. Pakati pawo panali a Mwachande, wapampando uja, amene anayang'ana minibasi, n'kuyang'ana chikwangwani, n'kukhala pansi akufa nacho chiseko.

Anthu anawatulutsa a Kamphonje suti ili yakuda mbali imodzi, tsamba la kabichi lili paphewa. Sanakalipe. Anamuimika Zakeyu pamzere wa kabichi ngati mwana wa sitandade wani, n'kumutembenuzira kuchikwangwani.

"Werenga."

"Malume, anthu akuona..."

"Werenga mokweza. Kumbuyo sakumva."

Zakeyu anayamba kuwerenga. "Iwe. Chepetsa liwiro."

"Pitiriza."

"Kwanu akukudikira."

"Atopa n'kudikira, aise," anakuwa a Mwachande. "Abwera okha!"

Ndipo zoona, anali atabwera. Khamu linapatuka, Etinala n'kutulukira, atavala chitenje chofanana ndi malaya a Zakeyu, kungoti chake chinali choyera bwino. Anayang'ana malume ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwachotsa tsamba lija paphewa. Zakeyu anamuyang'ana mwachiyembekezo, chifukwa ankadziwa kuti Etinala akangolira n'kuwagwira mwendo, mwina nkhalambayo ingafewe.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero a Kamphonje, "ine ndaona zimene ndinabwerera. Koma wokwatiwa ndiwe. Nena wekha."

"Musavutike, malume," anatero Etinala. "Nsaluyi ndikasoka makatani."

"Eti!" analira Zakeyu. "Ndi kamodzi kokha!"

"N'kachisanu ndi chiwiri, a Zakeyu. Amayi amawerenga ali pakhonde." Anatembenuka kuti azipita, koma anaimanso. "Ndifunse chimodzi chokha, kuti ndikagone ndi mtendere. Chala icho chikuopedwa ndi msewu wonse. A malole akuchimvera, a kabaza akuchimvera, zidakwa zikuchipepesa. Inu nokha chinakukanikani bwanji?"

Zakeyu anadabwa kwambiri, osati mwachinyengo ayi, koma kudabwa kwenikweni kwa munthu amene wafunsidwa chinthu chodziwika ndi mwana yemwe. Anayang'ana chala chachikulu chija m'mwamba, n'kuyang'ana chake chamatope, n'kuyang'ana khamu lonse ngati akupempha mboni. Ndipo anayankha mawu amene madalaivala anawanyamula tsiku lomwelo kupita nawo m'madepoti onse, amene mpaka lero timawanena tikaona munthu wakuthwa polangiza anzake okha.

"Koma Eti, chimene chija n'changa. Chala sichiloza mwini."