Timadontho Titatu Tomwe Tinathamangitsa Nkhungu pa Phiri

Amene akuti ndine wabodza akwere phiri akafunse azimayi ogulitsa mabulosi, akuuzani tsiku limene nkhungu inathawa masana dzuwa lili pamutu!

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya ziwerengero ku ofesi ina kuno ku Zomba. Mnzanga aNasibeko a ku Mtiya, mayi wa ana anayi, anapatsidwa ntchito yopeza pakatikati pa zokolola za midzi. Mu R, chilankhulo chathu cholamulira kompyuta, timalemba fankishoni, kamphero kamene umathiramo manambala nkukupera yankho. Tsono mudzi uwu watumiza manambala atatu, uwo khumi, a ku Malosa chithumba chathunthu, ndipo mayi aja ankapanga kamphero kake ka mudzi uliwonse mpaka zala kutupa. Bwana anati: "Ikakwana folo koloko lipoti mulibe, aNasibeko, mukalongedze za ku Nsanje."

Ndinawapeza aNasibeko akulira. "ANamakhwa, ana anga sukulu ndiitani?"

Ndinati sunthani. Mukumva? Ndinafufuta timphero tonse, nkusiya kamodzi, pakamwa pake nkudonthezapo timadontho titatu, kutanthauza kuti bwerani nonse, kaya muli awiri kaya chikwi. Ndipo sindinalole kompyuta izitola nambala imodziimodzi ayi, ndinamanga zonse mtolo umodzi ngati nkhuni zotsika m'phiri, nkusenzetsa kamodzi.

Abale inu, kamphero kanameza! Kanameza Malosa yense, kanameza midzi yomwe inali isanatumize nkomwe, kanakoka mitengo ya mbatata pamsika, kanawerenga okwera maminibasi a ku Blantyre ndi nkhuku zawo zomwe, tiyi wa bwana anaphwa m'kapu ali m'manja, ndipo chikompyuta chokalambacho chinazungulitsa fani yake mwamphamvu moti mphepo inatulukira pawindo, kukwera phiri, kukankha nkhungu mpaka ku Mozambique, anthu kumeneko nkuvala majuzi mu Okutobala. Ndikulumbira, yankho linatuluka chala changa chisanafike pabatani!

ANasibeko ku Nsanje sanapite, mpaka lero ali ku Mtiya, kafunseni.

Mukuti yankholo linali chiyani? Eee, pamenepo... zinatuluka zilembo ziwiri, NA, kutanthauza kuti palibe yankho, chifukwa mlangizi wina wa zaulimi anasiya kabokosi kamodzi ka pafomu kopanda nambala. Mayi aja anamaliza okha ndi pensulo, folo koloko isanakwane.

Koma kuthamanga kokha, kanathamanga!