Athu Ati, Mayi Genara?

M'tauni yathu ya San Lino simunakhalepo munthu wodziwa kuluza ngati Mayi Genara Cintrón. Ena amaluza mwangozi, ena chifukwa chopusa, koma iwowa ankaluza ngati ndi ntchito imene anawalembera kumwamba. Zaka makumi atatu akubetcha pa volebo, sanawinepo ngakhale senti. Kuno munthu watsoka timati ngwamchere. Mayi Genara sanali amchere chabe, anali thumba lathunthu losamasula.

Tsiku lina anabetcha kuti kugwa mvula, kumwamba kutada bii, madontho atayamba kale kugogoda malata. Dzuwa linaswa mtengo milungu isanu ndi umodzi, mpaka alimi a khofi anakawanenera kwa ansembe.

Ine sindine wamiseche. Kungoti zenera langa linayang'anana ndi khitchini yawo, ndipo makutu alibe zitseko.

Ntchito yawo inali yokazinga. Pakhomo pa bwalo la masewera ankayatsa moto n'kuterekapo chiwaya chakuda chimene anasiyiridwa ndi amayi awo, chachitsulo cholemera chofuna amuna awiri kuti achinyamule. M'menemo munkatuluka alcapurria, tizitumbuwa tathu ta nthochi zosapsa tanyama m'kati, totentha kuwaula lilime. Chimwalirireni amuna awo, chiwayacho ndicho chinkadyetsa banja, ndipo ndicho chinaphunzitsa Yaritza, mwana wawo mmodzi yekhayo.

Amene anatulukira kuti tsokali ndi chuma anali a Fermín Otero, ometa tsitsi, amene kubetcha konse kwa m'tauni kumadzera m'dzanja lawo. Kwathu sitilemba. Timati mawu a watambala, potengera amuna omenyanitsa atambala: wanena, mwagwirana chanza, basi. Manja akangosiyana, palibe wowonjezera liwu kapena kufunsa funso mpaka masewera atatha. Wothyola zimenezi ndi bwino asamuke.

"Mayi," anatero a Fermín tsiku lina, "mcherewu bwanji muzikauthira kwa adani?"

Kuyambira pamenepo, atsikana a timu yathu ya Mavu akamasewera m'ligi ya dziko lonse, Mayi Genara ankaika dola lawo pa alendo, alendo n'kugwa chagada. A pa wailesi ankatopa ndi manambala awo: timu yakuti yatchinga kangati, yakuti imafooka m'gawo lachinayi. Ife funso linali limodzi: "Amchere aika pati?" Akaika uku, tauni yonse inkathamangira uko. Iwo ankaluza dola limodzi, opambanafe n'kugula tizitumbuwa tonse mpaka tinyenyeswa.

Anthu a tauni ina anawatumizira mwendo wankhumba wootcha kuti ulendo umenewo abetche pa ife. Anaudya, anandigawirako, anabweza fupa pamodzi ndi moni, n'kukabetcha pa eni nkhumba.

Sankabetcha masewera onse ayi. "Mchere sathira mu khofi," ankatero. Ndipo ikafika ndime yolimbirana chikho ankakaniratu, ati mchere wa dola limodzi sungakwane mphika waukulu chotero, ndipo woposa dola alibe. N'chifukwa chake chikho tinkangochiona pa kanema.

Chaka chimene ndikufuna kukuuzanichi tinayamba moipa. Mayi Genara anagonekedwa m'chipatala atang'ambidwa bondo, ndipo Mavu analuza masewera anayi mwa asanu oyamba. Masewera achisanu ndi chimodzi asanayambe, a Fermín anatseka shopu, anagula maluwa, anakwera basi.

"Mwabwera kudzazonda matenda?" anafunsa odwalawo.

"Kwambiri, mayi. Bondo likupeza bwanji? Tandipatsani dzanja."

Namwino anadabwa kuona moni wotenga nthawi yaitali chonchija. Mavu anapambana kakhumi ndi kamodzi kondondozana, ndipo tinakafika m'ndime yomaliza. Kumeneko tinapeza akutidikira a Ziphaliwali za ku Puerto Calma, tauni ya m'mbali mwa nyanja. Ndipo womenya wawo wamkulu, amene mpira wake unkalira pansi ngati mfuti, anali Yaritza.

Mwanayu anakulira pakhomo pa bwalo lathu, akununkha mafuta a chiwaya. Atafika zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mphunzitsi wa Mavu anamuyang'ana n'kunena kuti manja ake ndi mabango, akathandize amayi ake kusenda nthochi. A ku Puerto Calma anamutola. Tsopano mabango aja anali atasanduka misi.

Opambana masewera anayi mwa asanu ndi awiri ndiwo amatenga chikho. Tinapambana atatu, iwo atatu. Mayi Genara manja ali m'thumba la epuloni. Masewera otsiriza anali a Lamulungu masana, pabwalo lathu.

Lachinayi m'mawa a Fermín anabwera ndi khamu. Ine ndinkathirira maluwa a pazenera, amene ndinali nditawathirira kale kawiri.

"Mayi, tapeza mchere wokwana mphika waukulu," anatero. "Inu muike chiwaya, ine ndiika mpando wanga wometera. Mubetche pa Ziphaliwali."

Mpando umenewo unali wachikopa chofiira, wa agogo awo, ndipo a Fermín ankaupukuta kawirikawiri kuposa nkhope yawo. Koma ankaopa chiyani? Ankabetcha ndi munthu wosawina.

"Ndikaluza chiwaya ndizikazingira m'chipewa chanu?"

"Tikugulirani chatsopano, cha gasi, chonyezimira!"

"Chonyezimira chinakazingapo chiyani? Ndipo mwaiwala amene akumenya mpira ku Ziphaliwaliko?"

Khamu linayang'ana pansi. Kenako wina kumbuyo anang'ung'udza kuti mwana ndi mmodzi koma tauni ndi anthu zikwi. Wina anati amene sakonda Mavu asamakazingire pakhomo pa Mavu. Palibe amene anaseka. Madzulo ake, koyamba chibadwire changa, tizitumbuwa tawo tinazizira m'beseni popanda wogula.

Loweruka kunabwera Yaritza, atawerama kuti mutu usagunde mphuthu ya chitseko.

"Amayi, ndamva za chiwaya."

"Khala pansi udye. Kunyanjako sakukudyetsa."

"Mubetcha pa ndani?"

"Nyemba zikuzizira."

"Amayi, ine za mcherezi sindizikhulupirira. Koma inu mumazikhulupirira. Mukaika pa ine, ndidziwa chimene mwandifunira."

"Nanga ndikaika pa Mavu? Iwe ubwerera ku Puerto Calma pa basi yoziziritsa m'kati. Ine ndidzuka konkuno, pakati pa anthu amene anandikumbira manda a bambo ako."

Ndinamva supuni ikugunda mbale, kenako chitseko. Maluwa anga anafa ndi madzi sabata imeneyo.

Lamulungu bwalo linadzaza Misa yachiwiri isanathe. Ng'oma zam'manja, malipenga, makanda opakidwa utoto wachikasu kumaso. Amuna awiri analowetsa chiwaya n'kuchiika pafupi ndi mpando wofiira, pansi pa bolodi la mapointi, ngati mkwati ndi mkwatibwi. A Fermín anaimirira dzanja lili chitambasulire. Mayi Genara osaoneka. Atsikana anamaliza kudziwongola, woyimbira anakwera pa kansanja kake, wenzulo ili kukamwa.

Pamenepo ndi pamene analowa, akutsimphina, atavala diresi yakuda ya maliro. Anagwira dzanja la a Fermín nati mokweza:

"Chiwaya kwa mpando. Ndaika pa athu."

Wenzulo inalira. Anachotsa dzanja.

A Fermín anatsala kukamwa kuli yasa. Athu? Athu ati? Athu a San Lino, kapena athu a m'mimba? Funso linafika pammero, koma manja anali atasiyana. Analimeza ngati fupa la nsomba.

Mawuwo anayenda m'bwalo monse ngati moto wa m'munda wa nzimbe. "Ati athu!" "Ndiye kuti mwana wawo, tapulumuka!" "Wapenga iwe, athu ndi Mavu, atigulitsa!" Amuna amene anabwera ndi ndalama m'manja sankadziwa koziika. Wina anabetcha mbali zonse ziwiri n'kuyamba kudzitukwana yekha.

Gawo loyamba linali lathu, ndipo anthu anawatumizira Mayi Genara botolo la chakumwa chozizira. Lachiwiri linapita kwa alendo, ndipo mwini botolo anabwera kudzalitenga. Lachitatu lathu, lachinayi lawo. Mayi Genara anakhala pafupi ndi ine, manja pamiyendo, maso pa ukonde, osaombera aliyense m'manja. Ndinawanong'oneza kuti, "Anzanga, ine ndekha ndiuzeni, sindiuza munthu." Anandiyang'ana mmene mumayang'anira galu wolonjeza kulondera nyama.

Gawo lachisanu limathera pa mapointi khumi ndi asanu, koma wopambana ayenera kutsogola ndi awiri. Tinafika 13 kwa 13. Ng'oma zinaleka. Mtsikana wathu anamenya, mpira unagunda chingwe cha ukonde, unaganiza kaye, n'kugwera kwathu. 14 kwa alendo. Ndinamva a Fermín akupemphera kwa oyera mtima amene ngakhale ansembe sawadziwa.

Mpira unawoloka katatu. Kachinayi anaukwezera kumanzere, m'mwamba ndithu, ndipo Yaritza anathamanga masitepe atatu n'kulumpha. Atsikana athu awiri analumpha naye, manja anayi ngati khoma. Anadikira m'malere mpaka khomalo litayamba kutsika.

Phaa!

M'bwalo munangomveka alendo makumi asanu akukuwa pakona pawo. Ife tonse tinatembenukira kumodzi.

Tsopano funso linali lololedwa, ndipo aliyense ankaona pamene pagona nkhani. Akati athu anali Ziphaliwali, awina koyamba m'moyo wawo: chiwaya chibwerera pamoto, mpando wofiira ukhala wawo, ndipo tauni singawade chifukwa anayesetsa kuthira mchere kwa adani. Koma mwana adziwa kuti mayi ake anamuthira mchere. Akati athu anali Mavu, chiwaya chapita, ndipo atilodza tonse dzuwa likuwala. Panalibe pepala, panalibe mboni. Yankho linali m'kamwa mwawo mokha.

Yaritza anasiya anzake akukumbatirana, anadutsa pansi pa ukonde, anadzaima chapafupi thukuta lili kamukamu. A Fermín anagwira mpando wawo ndi manja onse awiri.

"Mayi Genara," anatero, "athu ati?"

Mayiwo anaimirira pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija. Anasisita mlomo wa chiwaya kamodzi.

"A Fermín, zaka makumi atatu mwandionapo nditawina? Nyamulani katundu wanu. Musamachitsuke ndi sopo."

Sindikufuna kubwereza mawu amene anthu ena analankhula tsiku limenelo, poti ambiri mwa iwo akadali moyo ndipo amakhala kutsogolo m'tchalitchi. Chimene ndinaona n'chakuti chimtsikana chachitali chija chinagwada pansi kuti mutu wake ufike pachifuwa cha mayi ake, ndipo iwo ankachimenya pamsana n'kumati, "Iwe, ukundinyowetsera diresi. Kodi wadya?"

Chiwaya cha gasi sichinagulidwe. Miyezi itatu anthu ankawoloka msewu akawaona. Ankakazingira kunyumba m'kapoto kakang'ono, ine n'kumagula kudzera pazenera. Kenako mkazi wa a Fermín anandipempha kuti ndimugulireko tiwiri mwachinsinsi. Kenako mphunzitsi wa Mavu. Pofika Khirisimasi tauni yonse inali pamzere kuseri kwa nyumba yanga, aliyense akunamizira kuti wabwera kudzaona maluwa.

Mayi Genara sanabetchenso. Lolemba lililonse Yaritza ankabwera kudzasenda nthochi, monga mmene mphunzitsi uja analangizira, chikho chili pamwamba pa kabati.

Patatha zaka zinayi Mayi Genara anayamba kufooka. Masana ena ndikuwapesa tsitsi ndinafunsa, poti funsolo linkandidya ngati chiswe.

"Anzanga, zoona zake, pamene munkagwira chanza chija munkanena ati?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "A Leocadia, pogwira chanza inenso sindinkadziwa. Ndinadziwa pamene Yaritza analumpha."

Tsiku la maliro a Mayi Genara, a Fermín, ndi ukalamba wawo wonse, ananyamulitsana chiwaya ndi mnzawo kukwera chitunda mpaka pakhomo pa Yaritza. Iye anachiyang'ana, chili chakuda bii ndi mafuta, chosakhudzidwa ndi sopo.

"Bambo, mawu a watambala," anatero. "Amayi analuza. Musawawinitse lero atagona."

Anatsika nacho chitunda.

Masiku ano anyamata amabetcha pa foni, aliyense payekha, ndipo akaluza alibe womuloza chala. Mavu amapambana, amaluza, popanda wodziwiratu. Pakhomo pa bwalo pali munthu wogulitsa zokazinga za m'chiwaya chonyezimira, ndipo sindinena kanthu poti ndi mphwake wa ansembe. Chiwaya chakuda chili m'shopu ya a Fermín, pambali pa mpando wofiira. Amachipaka mafuta Loweruka lililonse. Ndipo munthu akabwera kudzabetcha mwachikale n'kunena kuti waika pa athu, nkhalambayo imamufinya dzanja osalisiya.

"Athu ati?" imafunsa.

Koma maso amakhala ali pa chiwaya.