Chifuwa cha Khoma la Kuchipinda Kwanga

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota khoma la kuchipinda kwanga likutsokomola.

Mukudziwa kale kuti mwana wanga Mwatitha akubwera lero ndi mmisiri kudzaona nyumba yanga yakale ino ya ku Zomba. Wanenetsa kuti mmisiriyo akangoti khoma lawola, andinyamula ndi mabuku anga omwe kuti ndizikakhala naye ku Lilongwe. Ndinagona ndi nkhawa imeneyo.

Ndiye m'malotomo ndinasuntha shelefu ya mabuku kuti ndione wodwalayo. Pulasitala anali atafufuma kuchokera pansi mpaka polekeza chiuno changa, penti akusupuka ngati khungu la mbatata yowotcha, ndipo pamwamba pake panali ufa woyera wonga mchere.

"A Mtambalika," linatero khomalo ndi mawu osasa, "takalambira limodzi, musandibise kuseri kwa mabuku. Ndazizidwa."

"Pepani, akulu. Mwina ndi malata akudontha."

"Akanakhala malata ndikananyowa kumutu. Ine ndanyowa kumapazi."

Mwadzidzidzi chipinda chija chinasanduka bwalo la milandu, khoma litakhala pabenchi litafunda bulangeti langa. Ndiye munalowa mkulu woyendera nyumba, wa suti yotuwa ndi chikwama cha chikopa. Anagogoda khomalo ndi nkhonya, kumtunda kunamveka kolimba, koma kumunsi kunalira ngati ng'oma yong'ambika. Pamene ankagogoda, khosi lake linayamba kutupa, maso anatong'oka, ndipo ndinaona kuti ndikulankhula ndi chule wovala tayi.

"Malo abwino kwambiri awa," anatero chuleyo, akusisita chinyontho mokhutira. "Nkhalambayi ikasamuka, banja langa lilowa."

"Bwana, sindinanene kuti ndisamuka."

"Anena ndi mwana wanu. Mlembi, itanani mboni."

Mlembi anali mayi waulemu wa magalasi, koma poimirira anasanduka nkhono, nayamba ulendo wopita kukhomo pang'onopang'ono, akusiya mzere wonyowa pasimenti. Ndinamudandaulira kuti afulumire Mwatitha asanafike. Anandiyankha kuti ofesi ili ndi kayendedwe kake.

Ndiye mboni yoyamba inali chitini cha penti wonyezimira uja wamafuta. Chinati: "Ine ndinangotumidwa kuphimba banga. Ndinalitseka pakamwa khomali kuti lisapume, n'zoona, koma madzi ndinawapeza ali kale m'kati." Mboni yachiwiri inali paipi, yomwe inalumbira kuti mbali imeneyo ya nyumba sinadutseko chibadwire.

"Nanga amene amammwetsa wodwalayu ndani?" anafunsa chule.

Mwadzidzidzi ndinamva phokoso la chitsulo pakhonde, ndipo munalowa kheni yanga yothirira, ikutsimphina, madzi akukhavukira m'mbali. Ndimaidziwa kuti sisunga chinsinsi.

"Ndine," inatero kheniyo mosachita manyazi. "M'mawa uliwonse bambowa amanditsanulira pa maluwa omwe ali kuseri kwa khomali. Ngakhale mvula igwe usiku wonse, amathirirabe. Ndiponso chaka chilichonse amaunjikira dothi, moti lakwera kupitirira maziko."

"Maluwawo anabzala ndi malemu mkazi wanga, Anachisale," ndinatero. "Sindingawasiye ndi ludzu."

"Ndiye ludzu lawo ndikumwera ine," linatero khoma, nilitsokomolanso. Chidutswa cha pulasitala chinayoyokera pamapazi anga.

Ndiye pansi ponse panadzaza madzi, bedi linayamba kuyandama, ine ndili pamwamba pake, ndipo linatulukira pazenera. Kunjako ndinapeza Anachisale atagwada pakati pa maluwa awo ndi kakhasu kawo kaja, atamanga duku lobiriwira. Sanadabwe pondiona. Anandiyang'ana momwe ankandiyang'anira ndikaiwala mchere kumsika.

"Bambo a Mwatitha, ndinati muziwathirira. Sindinati muziwasambitsa."

"Ndimaopa kuti angafote."

"Asunthireni uko ku mtengo wa mapeyala, khoma lipume."

"Koma munawabzala pano ndi manja anu. Ndikawazula, ndidzakupezani pati?"

Anakutumula dothi m'manja mwawo, nandifunsa mofatsa: "Nanga mukapita ku Lilongwe, adzawathirira ndani?"

Mwadzidzidzi kumsewu kunalira lole, woyendetsa ali Mwatitha, mabuku anga atakhala pamzere kumbuyo ngati ana asukulu, onse akundiyang'ana. "Ababa, kwerani, khoma lagamulidwa," anaitana. Chule anali atakhala kale pampando wanga, akuyesa magalasi anga owerengera. Ndinapempha Anachisale kuti andibwereke kakhasu kaja ndizule maluwa lole isananyamuke, ndiye anandipatsa, koma mpini unafewa m'manja mwanga ngati nthochi yakupsa. Ndinayamba kukumba ndi zala. Muzu uliwonse umene ndinkakoka unkatulukira m'kati mwa njerwa, wautali, ukudontha madzi, ndipo kudonthako kunkamveka mokweza, to, to, to, mpaka kunaposa kulira kwa lole.

Ndinatsegula maso kutayera kale. Kunali kudontha kwa mpopi wa pakhonde mu kheni imene ndimaitchera madzulo alionse. Ndinakhala chigonere, ndikuimvetsera ikudzaza, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire Anachisale sindinadzuke kukainyamula.