Malashi a ku Limbe

"Mayi a Yankho, malashi amenewa munakaikitsa ku saluni iti?"

Anandifunsa ndi Mayi a Tadala, aneba anga kuno ku Bangwe, tili pamzere pa mpope. Ndikanangoyankha zoona tsiku limenelo, bwenzi lero ndikuvala bulauzi yoyera ngati anzanga.

Zoona zake ndi izi. Nditabereka Yankho ndinayamba kutupa miyendo ndi nkhope. Kuchipatala anati chitetezo cha m'thupi mwanga chikulimbana ndi impso zanga zomwe, ndiye anandipatsa mankhwala ochichepetsa mphamvu. Kutupa kunatha, koma tsitsi la m'zikope linayamba kukula ngati lathiridwa feteleza. Lalitali, lakuda bii, lopindikira m'mwamba.

Koma pa mpope ungayerekeze kutchula mawu oti "chitetezo"? Pofika madzulo Bangwe yonse ikanakhala itandiyeza kale magazi, ndi bambo a Yankho omwe. Ndiye ndinati, "Ku Limbe, asisi, kuseri kwa msika." (Ndisaname, ndinaphethiranso pang'onopang'ono kuti awaone bwino.)

Mayi a Tadala anakweradi minibasi kukasaka saluniyo. Anabwerako ali wefuwefu, atakwiya, ati ndikuwabisira. Nkhaniyo anakaitula kwa amayi a cheya a gulu la amayi kutchalitchi kwathu. Tsono ine ndinali nditamaliza maphunziro a gululo, ndikudikira kuvekedwa yunifomu Lamulungu la sabata yomweyo, bulauzi nditasoketsa kale. Ndipo lamulo lake aliyense amalidziwa: bulauzi yoyera siyendera limodzi ndi wigi, zikhadabo zomata kapena malashi.

Lachinayi pamsonkhano amayi a cheya anandiitanira pambali.

"Mwanawe, zomatazo ukachotse. Lamulungu tikufuna nkhope imene anakupatsa Mulungu."

"Amayi, ndi anga enieni."

"Enieni a ku Limbe?"

Ndisanayankhe anandigwira chibwano, n'kutsina malashi a kumanja, n'kukoka. Chikope chinatsatira. Anakokanso. Misozi mbwee!

"Iii, guluu wa masiku ano!" anatero akupukusa mutu.

Apa munthu wanzeru akanangokatenga paketi ya mankhwala n'kuwaonetsa. Ine ayi. Ndinafika kunyumba, kutsamiritsa kalilole pa windo, n'kutenga sizasi imene ndimadulira timapepala ta mafirizesi. Chimene sindinaganize n'chakuti diso limene ukulimeta umalitsinzina, ndiye ntchito yonse imatsalira linzakelo, lomwenso likuchita mantha. Ndili mkati, Yankho anandikoka chitenje. Sizasi inapitirira mpaka kumizu, n'kukanda chikope. Ndinasiyira pomwepo. Kumanja ngati mkwatibwi, kumanzere ngati nkhuku yososola. (Bambo a Yankho pobwera anangondiyang'ana, n'kutuluka kukasekera panja. Ndinawamva.)

Tizitsa totsalato tinayamba kulasa m'diso. Loweruka diso linafiira n'kutupa, ndipo Lamulungu ndinadzuka litamatana ndi manthongo. Anzanga akuvekedwa mabulauzi, ine ndinali pa benchi kuchipatala.

"Mayi, inu mukumwa mankhwala ochepetsa chitetezo, kachilonda kakang'ono sikachedwa kukula," anatero anesi akunditsuka m'diso. "Mukanabwera tikanakudulani nsonga zokha. Sizasi ya mafirizesi m'diso! Ndipo mankhwalawo musawasiye chifukwa cha izi, mwamva?"

Madzulo ake amayi a gulu anabwera kudzandizonda atavala zoyera okhaokha, Mayi a Tadala ali pambuyo. Ndinatulutsa mankhwala aja n'kufotokoza zonse, kuyambira ku impso. Amayi a cheya anagwira pakamwa.

"Ndiye ine ndimakoka thupi la munthu?"

Mayi a Tadala funso lawo linali lina: "Koma mapilisiwo amagulitsa pati?"

Diso linapola. Malashi anameranso, atalika kuposa kale, ndipo palibenso amene amawakoka. Koma kuveka yunifomu kumachitika kamodzi pachaka.

Ndiye ndinataya malashi a diso limodzi, Lamulungu langa, ndi chinsinsi chomwe ndimachibisacho. Bulauzi ili mu sutikesi.